KODI MBALAME IMENE WAIONA KOYAMBA NDI YAKO?



Ndiyambe ndi kuulula kanthu kamene kanandichititsa manyazi. Mwina ena a inu mudzaseka, pakuti nkhani yake ndi ya mbalame chabe. Koma ndikupemphani kuti muwerenge mpaka kumapeto, chifukwa funso limene mbalameyo inandisiyira likhudza mau amene ine ndi inu timalankhula tsiku ndi tsiku osawaganizira, mau akuti, "Ndaona."

MMENE NDINAYAMBIRA

Ndinakulira ku Nangongwe, muno m'tauni ya Kafue. Monga anyamata ambiri a m'komboni, ndinali ndi malegeni anga, ndipo mbalame ndinkazigawa pawiri: zodyedwa ndi zosadyedwa. Njiwa ndi mpheta zinali ndiwo. Khwangwala ndi kadzidzi ai. Nkhwazi ndinkaidziwa chifukwa ili pa mbendera ya dziko lathu, ndiponso kulira kwake kumamveka munthu ukatsikira kumtsinje. Kupitirira apo ndinalibe nazo kanthu.

Pamene ndinali ku koleji, mnzanga wina wophunzira za nyama zakuthengo anandibwereka magalasi oonera patali, aja timati mabainokyula. Tsiku loyamba ndinaloza pa pumbwa amene anatera pa mpanda. Ndinadabwa. Kunsi kwa mchira wake kunali nthenga zachikasu, ndipo pamutu pake pakuda panali katsumba. Kwa zaka pafupifupi 20 pumbwa ankandidzutsa m'mawa uliwonse, ndinamulasapo ndi kumudya, koma chikasu chimenecho ndinali ndisanachione. Pamenepo ndinazindikira kuti kuyang'ana ndi kuona ndi zinthu ziwiri.

Mnzangayo anandiuza kuti pali anthu ambiri padziko amene amakonda kuyenda ndi kabuku, kulemba mtundu uliwonse wa mbalame umene auona. Mbalame imene munthu waiona koyamba pa moyo wake amaitcha lifer, ndipo tsiku limenelo kwa iwo ndi la chikondwerero. Padziko lonse pali mitundu ya mbalame pafupifupi 11,000, ndipo m'Zambia muno mwapezeka mitundu yoposa 750. Ife a ku Kafue tili ndi mwai waukulu. Kumadzulo kwa tauni yathu kuli madambo a Kafue Flats, otambalala pafupifupi masikweya kilomita 6,500, amene mu 1991 analowa pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse. Ku Lochinvar National Park kokha, kufupi ndi Monze, kunalembedwa mitundu yoposa 400. Alendo amalipira ndalama zambiri kudzaona zimene ife timazidutsa popita kukagula nsomba.

Tsono nanenso ndinagula kabuku. Mitundu 30 yoyamba ndinailemba m'milungu iwiri. Pofika pa 90 zinayamba kuvuta, ndipo mtima wanga unayamba kulakalaka mbalame imodzi.

PANSI PA MKUYU

Mbalameyo ndi Chaplin's barbet, imene ambiri masiku ano amaitcha Zambian barbet. Ndi kambalame koyera mutu ndi pachifuwa, kofiira mozungulira maso, ka mapiko akuda ndi mlomo wonenepa. Sikapezeka m'dziko lina lililonse koma m'Zambia mokha, makamaka m'madera ozungulira Kafue Flats, cha ku Choma ndi ku Chisamba. Moyo wake uli pa mikuyu: kamadya nkhuyu, ndipo chisa chake kamaboola m'nthambi zouma.

Loweruka lina m'mwezi wa Novembala, mvula yoyamba itagwa, ndinatenga achinyamata 9 a m'gulu lathu kupita nao cha kumtsinje, kumene ulalo wa njanji womangidwa mu 1906 umaonekera. Tinaona akakowa pakati pa ng'ombe. Tinaona nantchengwa ndi chisa chake chachikulu pa mphanda ya mtengo. Tinaona anamzeze amene anali atangofika kuchokera ku Ulaya kuthawa chisanu. Pobwerera tinadutsa pa mkuyu wina, ndipo m'mwamba mwake munagwedezeka kanthu koyera. Ndinakweza magalasi msanga, koma ndisanakhazike bwino maso, kanauluka. Mtima unagunda. Mkuyu ulipo, kuyera ndakuona. Ndinatulutsa kabuku ndi kulemba dzina lija pa nambala 97.

Wamng'ono pa gulu lathu anali mnyamata wa giredi 7, malegeni ali m'khosi. Anasuzumira m'buku la zithunzi limene ndinanyamula, nati, "A Tcheya, imene mwalembayo ndi iyi?"

Ndinati inde.

Iye anati, "Koma ija si iyi ai. Ija mlomo wake ndi woonda, mchira wautali. Ndimaziona kumunda kwa agogo."

Ndinamuyankha pamaso pa anzake onse kuti, "Iwe, za mbalame udziwapo chiyani? Ntchito yako nkuzilasa basi." Anzake anaseka. Iye anangowerama, ndipo njira yonse sanalankhulenso.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ndinkadziwa mumtima kuti kufiira kwa m'maso sindinakuone, mlomo sindinauone. Ndinaona kuyera kokha, ndipo zotsalazo chinadzaza ndi chilakolako changa. Mwanayo anali ndi maso ozolowera kutsata mbalame m'masamba, maso akuthwa kuposa magalasi anga obwereka. Ndinalemba chimene sindinaone, kenaka ndinagwiritsa ntchito udindo wanga kutseka pakamwa pa amene anaonadi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kabuku kanga kanali kokongola kunja kokha.

Kuchokera tsikulo ndakhala ndikusinkhasinkha mafunso atatu, ndipo ndifuna tiwaganizire pamodzi.

KOYAMBA KWA YANI?

Tikati mbalame yaonedwa koyamba, titanthauza koyamba kwa yani? Mabuku amati Chaplin's barbet inadziwika mu 1920. Chaka chimenecho ndi pamene Mngelezi wina anaifotokoza m'zolemba za sayansi, naipatsa dzina la Sir Drummond Chaplin, mkulu wolamulira m'malo mwa kampani ya British South Africa Company. Koma kodi Atonga ndi Aila amene ankadyetsa ng'ombe pansi pa mikuyu imeneyo kwa mibadwomibadwo anali asanaione? Anaiona ndithu. Chimene chinachitika mu 1920 nchakuti mbalameyo inalowa m'buku.

Tisanyoze bukulo. Kulemba kuli ndi phindu lake, pakuti kumachititsa munthu wa ku Japan ndi wa ku Kafue kudziwa kuti akukamba za mbalame imodzi. Koma cholembera chili ndi mphamvu yoopsa: chimakumbukira wolemba, nkuiwala woloza.

Tamvani za Jali Makawa. Iyeyu anali Mlomwe wochokera ku Mozambique amene anakulira ku Nyasaland, dziko limene lero ndi Malawi. Kwa zaka zambiri anagwira ntchito ndi katswiri wa mbalame C. W. Benson, mmodzi wa olemba buku la The Birds of Zambia la mu 1971. Makawa ankadziwika ndi luso lozindikira mbalame pomva kulira kwake, ndiponso lotsanzira kulirako mpaka mbalame kubwera pafupi. Mu 1964, chaka chimene dziko lathu linalandira ufulu, iye anapeza kambalame kachilendo ku Mayau, m'nkhalango zowirira za mavunda kumpoto chakumadzulo kwa Zambia. Benson ndi mnzake Irwin anakafotokoza mu 1965 nakatcha Pogoniulus makawai, kulemekeza Makawa. Pamenepo woloza anakumbukiridwa. Koma taganizirani anthu angati onga Makawa amene ananyamula katundu, kutsogolera njira ndi kuloza chala, maina ao osalembedwa paliponse.

Nkhani ya kambalameka ili ndi phunziro linanso. Kuyambira 1964 palibe amene watsimikiza kuti wakaonanso, ngakhale akatswiri apita kukakafuna. Mu 2018 asayansi anapima DNA ya kamodzi komweko kamene kanasungidwa, napeza kuti nkapachibale kwambiri ndi kambalame kofala kotchedwa yellow-rumped tinkerbird, kotero kuti ambiri tsopano akukayika ngati kali mtundu wakewake. Kodi zimenezi zichotsa ulemu wa Makawa? Ndiganiza kuti ai. Iye anaona kusiyana kumene kunalipodi, ndipo anabweretsa umboni woti ena aupime. Munthu woona mtima saopa kuti zimene anaona zipimidwe.

Chitsanzo china ndi nsadzu, mbalame yotsogolera anthu ku njuchi. Agogo athu ankaidziwa bwino. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1500, wansembe wa Chipwitikizi João dos Santos analemba za kambalame kamene kankalowa m'tchalitchi ku Sofala kudzadya phula la makandulo, ndiponso kuti anthu a kumeneko ankakatsatira pofuna uchi. Komabe ophunzira ambiri ankayesa nkhani ya kutsogolerayi nthano, mpaka mu 1989 pamene kafukufuku wa pakati pa Aborana ku Kenya anaitsimikiza. Mu 2016 Claire Spottiswoode ndi anzake anaonetsa kuti Ayao ofula njuchi ku Niassa ali ndi kaitanidwe kapadera kamene nsadzu imakamva, ndipo kuti kaitanidweko kamachulukitsa pafupifupi katatu mwai wopeza njuchi. Asayansiwo anachita bwino kupima ndi kuwerenga. Koma chimene anatsimikiza chinali kale m'kamwa mwa anthu osapita kusukulu.

Motero yankho la funso loyamba ndi ili: kawirikawiri mau akuti "koyamba" amatanthauza koyamba kwa ine. Mbalame sinasinthe. Wasintha ndine. Pumbwa uja anali ndi chikasu chake ine ndisanabadwe. Ngati zili choncho, tsiku loona koyamba liyenera kutichepetsa, pakuti likutiuza kutalika kwa nthawi imene tinakhala osaona. Ine linandikuza, nchifukwa chake ndinanyoza mwana amene anaona ine ndisanaone.

KUONA KAPENA KUSONKHANITSA?

Funso lachiwiri nali: pamene ndalemba mbalame m'kabuku, ndapeza chiyani? Mnyamata wa malegeni akalasa njiwa amapita nayo kunyumba, ndipo madzulo pali ndiwo. Akatswiri akale nawonso ankaombera mbalame ndi kusunga chikopa chake m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, chifukwa masiku amenewo umboni unali umenewo. Woyang'ana mbalame wa lero amanyadira kuti iye sapha. Nzoona, ndipo nzabwino. Koma mtima wofuna kutenga ungabisale ngakhale m'cholembera. Ndinazindikira kuti mbalame ndikangoilemba, ndinkasiya kuiyang'ana. Nambala 41 inalibenso ntchito kwa ine, pakuti maso anali pa nambala 42.

Phoebe Snetsinger anali mai wa ku America. Mu 1981 madokotala anamuuza kuti ali ndi khansa ndipo watsala ndi chaka chimodzi. M'malo mogona kudikira imfa, anayamba kuzungulira dziko kufuna mbalame. Anakhala ndi moyo zaka zina 18, ndipo pomwalira pa ngozi ya galimoto ku Madagascar mu 1999 anali ataona mitundu pafupifupi 8,400, kuposa munthu wina aliyense pa nthawiyo. Kulimba mtima kwake nkogometsa. Koma mbiri ya moyo wake imanenanso kuti chifukwa cha maulendowo sanapezeke pa maliro a amai ake ndi pa ukwati wa mwana wake wamkazi. Sindikumuweruza, pakuti sindidziwa mmene munthu amamvera akauzidwa kuti masiku ake atha. Ndingofunsa: kodi mndandanda unali wake, kapena iye ndiye anali wa mndandanda?

Musaganize kuti funsoli ndi la azungu olemera okha. Tonse tili ndi timabuku tathu. Wina amawerenga anzake a pa Facebook. Wina amawerenga masatifiketi. Mnyamata wina amawerenga atsikana amene wawafunsira, ndipo aliyense akangovomera amasanduka nambala, maso ali kale pa wotsatira. Ngakhale ife atsogoleri a magulu timagwa m'mbuna yomweyi. Timakondwa kulengeza kuti chaka chino talandira achinyamata atsopano 25, koma tikafunsidwa kumene akhala, amene akuwalipirira sukulu, kapena chifukwa chake atatu asiya kubwera, tilibe yankho. Tinawalemba koma sitinawaone.

Kuona kwenikweni kumafuna kubwererako. Mwambi uja umati kuona maso a nkhono nkudekha. Amene wakhala ola lathunthu kupenyerera nantchengwa akunyamula timitengo kamodzikamodzi kumanga chisa chake adziwa zambiri za mbalame kuposa amene wathamanga kulemba mitundu 20 m'mawa umodzi. Kuona koyamba ndi moni chabe. Chibale chimayamba pa ulendo wachiwiri.

MBONI NDANI?

Funso lachitatu ndilo linandisowetsa tulo. Pa masewera a mpira pali woimbira, pa mayeso pali woyang'anira. Pa kuyang'ana mbalame nthawi zambiri munthu umakhala wekha. Ukati waona, anthu amangokhulupirira. Ntchito yonseyi yaima pa chikumbumtima cha munthu mmodzimmodzi.

Mu Febuluwale 2024, Peter Kaestner wa ku America anafika pa mitundu 10,000 ali ku Philippines, atayenda zaka zambirimbiri. Pa nthawi yomweyo munthu wina analengeza kuti wafika pa nambalayo iye asanafike. Anthu odziwa atayang'ana mndandanda wa winayo anapezamo mbalame zokayikitsa, ndipo mwini wake anavomera kuti munali zolakwa. Taonani, mzere umodzi wokayikitsa umagwedeza mizere yonse, ngakhale yoona.

Mwina mukuti, "Nanga bodza la m'kabuku ka munthu lipweteka yani?" Nanenso ndinadzitonthoza choncho usiku uja. Koma taganizani. Masiku ano anthu amatumiza zimene aona pa intaneti, monga pa eBird imene inayamba mu 2002, ndipo akatswiri, pamodzi ndi mabungwe monga BirdWatch Zambia, amagwiritsa ntchito zolemba zotere kudziwa kumene mbalame zili ndi kumene zikutha. Zambian barbet ili pa mndandanda wa mbalame zimene zili pangozi, makamaka chifukwa mikuyu ikudulidwa potsegula minda ndi pofuna nkhuni. Ndikalemba kuti ndaiona pamene palibe, ndasokoneza mapu amene ena adzadalira poiteteza. Bodza langa laling'ono likanalowa m'chiwerengero, nkuvala jekete la sayansi.

Ndipo ngakhale kabukuko kakanakhala m'thumba mpaka kalekale, pali mmodzi amene akanapwetekeka ndithu: ine mwini. Munthu akazolowera kudzaza ndi chilakolako pamene maso sanafike, khalidwelo silikhala pa mbalame pokha. Nkhani zambiri zimene zapasula magulu athu zinayamba ndi mau akuti, "Ndinawaona ndi maso angawa." Wina anaona mtsikana wa m'kwaya akutsika m'galimoto madzulo. Zimene anaona ndi zomwezo: galimoto, mtsikana, madzulo. Zotsalazo anadzaza yekha, monga ine ndinadzazira kufiira ndi mlomo wonenepa. Pofika Lamlungu nkhani ili pa WhatsApp, mtsikanayo wasiya kubwera, ndipo palibe amene anafunsa ngati woyendetsayo sanali malume ake. Mbalame yolembedwa molakwa imauluka osadziwa kanthu. Munthu wonenedwa molakwa amasenza katunduyo zaka.

Odziwa bwino kuyang'ana mbalame ali ndi mwambo umene ndikhumba tonse titautengera. Asanatchule dzina, amayamba alemba zimene aona: kukula kwake, mtundu wa mlomo, utali wa mchira, kaulukidwe, kulira. Zikapanda kukwana, amasiya mzere wopanda dzina. Kunena kuti "sindinaone bwino" kwa iwo si manyazi, ndi chizindikiro cha ukatswiri. Wongoyamba kumene ndiye amadziwa dzina la mbalame iliyonse.

"MIMBA IKULIRA, INU MUKUTI MBALAME?"

Ndidziwa kuti wina akuwerenga uku akugwedeza mutu. Akuti, "Kuno ku Kafue ntchito zinachepa, fakitale ya nsalu imene inkadyetsa mabanja ambiri inatsekedwa kale, achinyamata tili pa ulova. Zoyang'ana mbalame nza anthu okhuta." Mau amenewa ali ndi choona chake, ndipo sindifuna kuwapeputsa. Magalasi ndi odula. Ulendo wa ku Lochinvar ufuna ndalama. Ndipo sindingaimirire pamaso pa mwana amene kwao agona ndi njala nkumuuza kuti njiwa ndi yongoyang'ana.

Koma ndiyankhe ziwiri. Choyamba, kuona sikunayambe ndi magalasi. Msodzi wa pa Kafue amadziwa pamene pali nsomba poyang'ana mbalame. Mlimi amadziwa kuti mvula yayandikira poona mbalame zimene zafika. Jali Makawa analibe digiri. Luso limeneli ndi lathu kuyambira kale, ndipo tikalisiyira alendo tidzakhala ngati mwini munda wofunsa mlendo malire a munda wake.

Chachiwiri, osauka ndiwo amayamba kuvutika pamene palibe woona. Damu la Itezhi-Tezhi, lomalizidwa m'ma 1970, linasintha nthawi ndi kukula kwa madzi osefukira pa Kafue Flats. Chitsamba chaminga chochokera kunja chotchedwa Mimosa pigra chinafalikira pa madambo a Lochinvar nkulanda msipu. Mbalame yaitali yotchedwa wattled crane, imene madambo athu amasunga gulu lake limodzi mwa aakulu kwambiri padziko, imadalira madzi osefukirawo kuti iswe. Nsomba nazonso zimadalira madzi omwewo, ng'ombe za Aila ndi Atonga chimodzimodzi. Mbalame zikayamba kuchepa, ndiye kuti mbale ya msodzi ili pafupi kuchepa. Amene amaziwerenga moona akulondera chakudya chathu, ngakhale iye mwini asadziwe.

TSONO NDI YA YANI?

Tibwerere ku funso la pamutu. Kodi mbalame imene waiona koyamba ndi yako? Ine ndafika poti ai. Inalipo usanaione, ena anaiona iwe usanabadwe, ndipo ikauluka sipempha chilolezo chako. Chimene chimakhala chako ndi ngongole, ndipo ngongoleyo ili patatu.

Uli ndi ngongole kwa choonadi: unene zimene waona, ulekeze pamene maso ako analekeza. Uli ndi ngongole kwa amene anakulozera: umutchule, ngakhale ali mwana, ngakhale sadziwa kulemba. Uli ndi ngongole kwa chimene waonacho: popeza tsopano uchidziwa, sungachitenso ngati kulibe. Amene waona kambalame ka pa mkuyu sayang'ananso nkhwangwa pa mkuyu monga kale. Amene waonadi mnzake watsopano m'gulu sangagone bwino mnzakeyo akasowa milungu itatu.

Pa msonkhano wotsatira wa gulu lathu ndinabwera ndi kabuku kaja. Ndinaitana mnyamata uja kutsogolo, ndipo pamaso pa onse amene anaseka ndinati, "Mng'ono wanga, unanena zoona. Ine ndinalemba chimene sindinaone, ndipo ndinakulankhula moipa. Undikhululukire." Ndinampatsa cholembera kuti afafanize yekha. Anachita manyazi kuposa ine, koma anafafaniza. Sizinali zopepuka, pakuti mtsogoleri amaopa kuti akavomera kulakwa ulemu wake utha. Chimene ndinaona nchakuti kuyambira tsikulo ana aang'ono a m'gulu anayamba kulankhula momasuka pa zokambirana zathu.

Lero tikapita kumtsinje, magalasi amakhala m'khosi mwa mnyamata uja nthawi zambiri, ndipo m'kabuku ndinaonjezamo danga lolemba dzina la amene wayamba kuloza. Dzina lake lilimo kambiri kuposa langa. Malegeni sanawataye, ndipo sindinamuuze kuti awataye, koma ndaona kuti masiku ena amawaiwala kunyumba. Zambian barbet sitinaionebe. Tikusonkha ndalama pang'onopang'ono kuti chilimwe chikubwerachi tikafike cha ku Choma. Mwina tikaiona, mwina ai. Pa nambala 97 ndinasiyapo mzere wopanda kanthu, ndipo pa mizere yonse ya m'kabukuko, umenewo ndi umene ndimaukhulupirira koposa.

Anzanga, sabata ino yesani ichi. Sankhani mbalame imodzi imene mumaidutsa tsiku lililonse, muipenyerere mphindi 10, kenaka mulembe zokhazo zimene mwaona. Mukatero, chitani chimodzimodzi ndi nkhani imene mwamva yokhudza mnzanu.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'GULU

1. Kodi munanenapo kuti "ndinaona" pamene munangoona mbali, zotsalazo nkudzaza nokha? Chinatsatira nchiyani?

2. Tchulani munthu amene anakulozerani chinthu chofunika pa moyo wanu koma simunamuthokoze. Mungachitepo chiyani mwezi uno?

3. Kodi nkoyenera kuti mbalame, mitsinje ndi mathithi a dziko lathu zizidziwika ndi maina a anthu amene anazilemba m'mabuku? Perekani zifukwa za mbali zonse ziwiri.

4. Mtsogoleri akalakwira wamng'ono pagulu, apepese pagulu kapena pambali? Chifukwa ninji?

5. Lembani maina onse a mbalame amene gulu lanu lidziwa m'zilankhulo za kwanu. Mukafunse agogo akuonjezereni, ndipo mulembe dzina la aliyense amene wakuuzani.